Chammwamba, deliya, nyongolotsi kapena za m'botolo: n'chiti chokulitsira mbande za nthochi kuno ku Zomba?

Chiyambireni pomwe matenda a chisaka anapulula minda ya nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, nthochi zambiri za m'misika yathu zimabwera pa malole kuchokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Matendawa anaoneka koyamba ku Nkhotakota cha m'ma 1994, ndipo ife a ku Zomba sanatilambalale. Amene akubzalanso tsopano akuyambira pa mbewu yoyera, yopanda matenda. Ena akugula mbande za ku labotale, ena akuswa ziputu n'kuziika mu utuchi kuti zitulutse ana ambiri, ena akungozula ana pa tsinde lomwe akulikhulupirira. Onsewa dandaulo lawo ndi limodzi: mbande imatha masabata ili chiimire m'chubu, pomwe mvula ikuyandikira ndipo maenje anakumbidwa kale. Pamenepa ndi pomwe munthu amayamba kufunsa za zolimbikitsa kukula, zija pa mabotolo a m'sitolo amalemba kuti biostimulant.

Zinthu zimenezi si feteleza komanso si mankhwala. Ntchito yake ndi kutakasa mbewu kuti itulutse mizu yambiri, iyamwe bwino chakudya chomwe chili kale m'dothi, ndiponso ipirire powokera kapena dzuwa likamaswa mtengo. Ngati m'chubu mwathira mchenga wokhawokha, mbande ilibe choyamwa ngakhale muipopere tsiku ndi tsiku. Dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino ndi mankhusu a mpunga owaula ndiye poyambira, ndipo mankhusu sasowa kwa amene ali pafupi ndi masikimu a Likangala ndi Domasi.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, koma powerengera muphatikizepo thukuta lanu. Chinthu chaulere chomwe chikudyerani m'mawa wonse sabata iliyonse chili ndi mtengo wake. Za kunja nazo zinakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chachiwiri ndi kupezeka kwake pa nthawi yomwe mukuchifuna. Ambirife timawokera mvula ikakhazikika mu Disembala, ndipo mbande ya ku labotale imafuna masabata 6 mpaka 8 m'nazale kuti ifike masentimita 20 kapena 30 ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye kuti ntchito yagona pakati pa Seputembala ndi Novembala, nthawi ya chilimwe. Chomwe chimachuluka mu Febuluwale sichikuthandizani pokhapokha mutachisunga. Zomba nayenso si mmodzi: zomwe zimamera ku Chingale kapena cha ku Chilwa kotentha n'zosiyana ndi za m'munsi mwa phiri kapena ku Thondwe.

Chachitatu ndi ntchito yake, kuti muzichita kangati komanso chimasungika bwanji. Chachinayi ndi zoopsa zake.

Pa zoopsa pali chimodzi chokhudza njira zonse, choncho ndichinene pano. Palibe mwa izi chomwe chimachiza chisaka. Kachilombo kake kamakhala m'madzi a mbewu yonse, ndipo kamafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zobisala m'makhwapa a masamba komanso ndi ana ozulidwa pa tsinde lodwala. Mbande yodwala mukaimwetsa madzi a manyowa imabiriwira kwa kanthawi, inu n'kumati yachira, n'kukaigulitsa kwa mnzanu wa ku Jali. Masamba akamatuluka aafupi, opyapyala, oima njo ndi othithikana pamwamba, m'mphepete muli chikasu, ndipo pa msempha wapakati pali timizere todukaduka tobiriwira kwambiri, imeneyo siyofuna kulimbikitsa. Iphani nsabwe zake kaye, kenako izuleni, muiduledule n'kuikwirira.

Madzi a masamba a chammwamba

Masamba anthete a chammwamba ali ndi zeatin, chinthu chachilengedwe chomwe chimachititsa kuti timaselo ta mbewu tizigawikana msanga komanso kuti masamba asakalambe mofulumira. Mwa zonse zopanga pakhomo, ichi ndiye cholimbikitsa chenicheni, chifukwa mphamvu yake siili pa kudyetsa mbewu koma pa kuidzutsa.

Mtengo: ngati mtengowo uli pakhomo, simutulutsa khobidi. Mufunika mtondo, kansalu kosefera ndi sipuleya. Ufa wa chammwamba wa m'mapaketi womwe anthu amagula kuti azithira m'phala ndi wodula, ndipo kuuthira pa nthochi n'kuseweretsa ndalama.

Kupezeka: kumadera otentha monga ku Chingale ndi m'zigwa zoloza ku Chilwa, chammwamba chili m'mipanda ya anthu. Kumtunda kozizira chimakula mozengereza ndipo chimayoyola masamba mu Juni ndi Julayi. Mwayi wake ndi woti kukayamba kutentha chimaphukanso, makamaka ngati munachidulira, ndipo nsonga zanthetezo zimapezeka nthawi yomwe nazale ikuzifuna.

Ntchito yake: thyolani nsonga m'mawa, sinjani mutawaza timadzi pang'ono, finyani pa nsalu. Madzi obiriwira otulukawo musakanize gawo limodzi ku magawo 30 a madzi, kutanthauza botolo la theka la lita mu sipuleya ya malita 15. Poperani m'mamawa kapena dzuwa litapepa, pamwamba ndi pansi pa masamba, masabata awiri aliwonse. Vuto lake ndi loti sasungika. Mukafinya lero mugwiritse ntchito lero, chifukwa mawa amakhala atayamba kusasa. Amene ali ndi filiji akhoza kuumitsa m'timapepala ngati mafilizesi n'kumasungunula kamodzikamodzi, koma ndi kuthimathima kwa magetsi kwathuku, musadalire kwambiri zimenezo.

Zoopsa: ndi zochepa. Mukathira okhathamira kwambiri, masamba anthete a mbande za ku labotale amapsa m'mphepete. Mukasefa mwaulesi, kamwa ya sipuleya imatsekeka. Chachikulu n'choti mphamvu yake imasiyana malinga ndi mtengo komanso nyengo, choncho zomwe anaona mnansi wanu si zomwe muone inu.

Madzi a deliya ndi a manyowa

Awa ndi omwe alangizi ambiri amaphunzitsa, ndipo kunena zoona ali pakati: theka ndi chakudya, theka ndi cholimbikitsa. Deliya, uja wa maluwa achikasu wodzaza m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre, masamba ake ouma ali ndi nayitulojeni pafupifupi 3.5 peresenti ndi potaziyamu pafupifupi 4 peresenti. Nthochi imadya potaziyamu kuposa mbewu zambiri zomwe timalima, n'chifukwa chake deliya amagwirizana nayo. Amawolanso msanga. Madzi a manyowa owola amabweretsa tizilombo tabwino ta m'dothi pamodzi ndi chakudyacho.

Mtengo: mgolo kapena chidebe chachikulu chokhala ndi chivundikiro, thumba lakale ndi chingwe. Ngati mulibe ziweto mugula ndowe, ndipo mtengo wake umakwera nthawi yomwe aliyense akupanga manyowa a Mbeya.

Kupezeka: apa pali msampha. Deliya amachuluka nthawi ya dzinja mpaka achite maluwa cha mu Epulo ndi Meyi. Pofika Okutobala wa m'mbali mwa msewu amakhala atauma kapena atapsa ndi moto wa osaka mbewa, n'kutsala wa m'mbali mwa mitsinje basi. Njira yake ndi kudula masamba asanachite maluwa, kuwaumitsa pamthunzi n'kusunga m'matumba. Gilisidiya amalowa m'malo mwake bwino ndithu, ndipo ku Zomba kuno si mlendo, poti ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka anayamba kumuyesa m'minda ya chimanga kuyambira 1992. Kungoti potaziyamu wake safika pa deliya.

Ntchito yake: dulani masamba tizidutswa, dzazani mgolo kupitirira theka, thirani madzi, vundikirani. Ngati ndi manyowa, amangeni m'thumba n'kulilendewetsa m'madzimo. Takasani masiku awiri kapena atatu aliwonse, ndipo pakatha masabata awiri apsa. Muyeso womwe umaphunzitsidwa kawirikawiri, gawo limodzi ku magawo awiri a madzi, ndi wa mbewu zazikulu za m'dimba. Kwa mbande za m'machubu ine ndimati sungunulani kwambiri, gawo limodzi ku magawo asanu kapena khumi, mpaka madziwo aoneke ngati tiyi wa masamba ochepa. Thirani m'dothi, osati pamasamba, kamodzi pa sabata, ndipo dothilo likhale lonyowa kale.

Zoopsa: apa ndiye zilipo. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu ya mbande m'masiku owerengeka. Madzi okhathamira othiridwa mobwerezabwereza amasiya mchere m'chubu, nsonga za masamba n'kuyamba kuuma, ndipo munthu poganiza kuti mbande ili ndi njala amawonjezera. Chubu chikakhala chonyowa nthawi zonse, chitsa chimawola. Nayitulojeni wochuluka amatulutsa masamba ofewa omwe nsabwe zimakonda, zomwe si zabwino m'dera la chisaka. Mgolo wosavundikira umaswa udzudzu ndi ntchentche, ndipo fungo lake likhoza kukudanitsani ndi anansi ngati mukukhala m'maloko a ku Chinamwali kapena ku Matawale. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza, ndipo ana asamasewere pafupi ndi mgolowo.

Mkodzo wa akalulu, womwe watchuka masiku ano, uli m'gulu lomweli. Ndi feteleza wa nayitulojeni, wamphamvu, wofuna kusungunula kwambiri. Musautenge ngati chozizwitsa.

Manyowa a nyongolotsi

Awa ndi manyowa omwe nyongolotsi zoweta zimatulutsa zikadya zinyalala zowola.

Mtengo: poyamba pamafunika ndalama, kugula nyongolotsi zofiira ndi kukonza bokosi kapena beseni lobowola pansi. Nyongolotsi zokumba kudimba sizigwira ntchitoyi, zimathawa kapena kufa. Zikakhazikika zimaswana zokha ndipo simugulanso.

Kupezeka: m'sitolo za zipangizo zaulimi simuzipeza. Zimachokera kwa alimi anzathu olima mosagwiritsa ntchito mankhwala, choncho funsani alangizi a dera lanu kuti ndani akuweta.

Ntchito yake: ndi ulimi wa ziweto ndithu. Zimafuna mthunzi, chinyontho ndi chakudya monga ndowe zowola, makoko ndi zotsalira za ndiwo zamasamba. Manyowa oyamba mumawapeza pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kotero wofuna kuwagwiritsa ntchito mu Seputembala ayambe mu Meyi kapena Juni. Phindu lalikulu lili pa manyowa enieniwo: sakanizani gawo limodzi ku magawo anayi a dothi la m'machubu. Ndi ofatsa, sawotcha, amasunga chinyontho, ndipo mizu yoyera imayanga bwino m'menemo. Madzi odontha pansi pa bokosi anthu amawatama kwambiri, koma mphamvu yake siidziwika bwino tsiku ndi tsiku. Asungunuleni gawo limodzi ku magawo khumi, ndipo akamanunkha chowola atayeni.

Zoopsa: kwa mbande n'zochepa, koma kwa nyongolotsi n'zambiri. Linthumbu likhoza kumaliza bokosi lonse usiku umodzi. Nkhuku ndi makoswe nazo zimazifuna. Kutentha kwa Okutobala kumazipha ngati bokosi lili pansi pa malata.

Za m'botolo zochokera ku ndere za m'nyanja ya mchere

Izi zimapangidwa ku zomera za m'nyanja zikuluzikulu. Chodziwika kwambiri kuchigawo chino cha Africa ndi Kelpak wa ku South Africa, wopangidwa ku chomera chotchedwa Ecklonia maxima cha m'gombe la ku Cape. Zina zimachokera ku maiko monga Norway ndi Canada. Chakudya cha mbewu muli chochepa kwambiri. Mphamvu yake ili pa kutulutsa mizu yatsopano ndi kuthandiza mbande kupirira ikangowokeredwa.

Mtengo: ndi wokwera, poti zonse n'zakunja. Ndere za ku Chilwa kapena za m'madamu a nsomba si zomwezi, musavutike nazo. Komabe muyeso wake ndi wochepa, ndipo botolo limodzi limakwanira mbande zambirimbiri. Kwa munthu wa mbande 20 n'kutaya ndalama, koma gulu likasonkherana limapindula.

Kupezeka: mwapatalipatali. Nthawi zambiri mufunika kufufuza ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo lero zilipo mawa zatha malinga ndi ndalama zakunja. Chenjerani ndi wogulitsa wokupatsani feteleza wamba wopopera pamasamba n'kumati ndi chimodzimodzi. Werengani pa botolo kuti mwalembedwa dzina la chomeracho.

Ntchito yake: ndi yopepuka kuposa zonse. Mumayeza monga alembera, kuviika mizu kapena kuthirira chubu tsiku lowokera, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Botolo limasungika pamalo ozizira.

Zoopsa: katundu wachinyengo, wotha nthawi, kapena wokhalitsa pa dzuwa pa shelefu. Komanso mtima woti poti ndagula chodula ndiye manyowa ndisiye.

Tibowa ta m'mizu: mycorrhiza ndi Trichoderma

Njira iyi ndi yomwe anthu ambiri saidziwa, koma kwa mbande za ku labotale ndi yomwe ili ndi chifukwa chomveka kwambiri. Mbande yotere imakulira m'botolo momwe mulibe kachilombo kalikonse, koipa kapena kabwino. Ikatuluka imakhala yoyera koma yopanda chitetezo. Ambiri timawotchanso dothi la m'machubu mu mgolo kuti tiphe matenda, ndipo pamenepo tizilombo tabwino timafera limodzi. Mycorrhiza ndi tibowa tosaoneka ndi maso tomwe timalowa mu muzu n'kutulutsa timaulusi topita kutali m'dothi kukatenga fosifolasi ndi madzi komwe muzu sungafike. Nthochi ili ndi mizu yokhuthala ya titsitsi tochepa, choncho imadalira kwambiri ubale umenewu. Trichoderma amakuta muzu n'kumalimbana ndi nkhungu zowoletsa. Kafukufuku wa ku Kenya ndi ku Uganda anaonetsa kuti mbande zopatsidwa tibowa totere zili m'nazale zimatha kukula bwino ndi kupirira tinyongolotsi towononga mizu, koma zotsatira zinkasiyana malinga ndi mtundu wa dothi. Si paliponse pomwe kusiyana kumaoneka.

Mtengo: wa m'paketi ndi wodula, koma mumathira kamodzi kokha, pang'ono pa chubu chilichonse.

Kupezeka: n'kovuta kuposa za ndere zija. Pali njira ya pakhomo ya mycorrhiza yofuna kuleza mtima: tengani dothi la pamwamba pansi pa mitengo yachilengedwe kapena pa tsala lomwe silinalimidwe zaka zambiri, bzalanimo mapira kapena chimanga m'thumba, zikule miyezi itatu, siyani kuthirira, dulani mapesi, kenako duladulani mizuyo n'kuisakaniza ndi dothi lomwelo. Dzanja limodzi la zimenezi pansi pa mizu ya mbande likwanira.

Ntchito yake: chofunika ndi nthawi. Tibowati tiyenera kukhudza muzu tsiku lomwe mukuika mbande m'chubu. Kuwaza pamwamba mbande itakula kale phindu lake n'lochepa. Ndi zamoyo, choncho paketi isungidwe pozizira ndipo tsiku lothera ntchito muliyang'ane musanalipire.

Zoopsa: mukhoza kugula ufa wakufa osadziwa, chifukwa ndi maso simungasiyanitse. Mankhwala a chiwawu monga Dithane ndi kopa akathiridwa m'dothi amabwezera m'mbuyo tibowati. Feteleza wokulitsa wochuluka m'chubu amachititsa kuti muzu usalandire mycorrhiza, poti fosifolasi waupeza kale mosavutikira. Pa njira ya pakhomo ija, dothi lisachokere pomwe panali nthochi kapena pomwe madzi ochokera m'munda wa nthochi amadutsa, chifukwa mungatute matenda ofotetsa a Panama ndi tinyongolotsi tija n'kuzilowetsa nokha m'nazale.

Tsono inu mutenge chiti?

Chilichonse chomwe mwasankha, patulani mbande zingapo zofanana msinkhu ndi zinzake musazipatse kanthu. Pakatha mwezi yezani kunenepa kwa tsinde ndi kachingwe, werengani masamba atsopano, ndipo ng'ambani chubu chimodzi mbali iliyonse muone mizu. Kubiriwira kokha kumanamiza.

Ngati mwagula kapena mwalandira mbande za ku labotale, monga za mtundu wa Williams, ndipo mukuzilera nokha m'machubu, ndalama yanu ipite ku tibowa ta m'mizu tsiku loyamba, ndi manyowa a nyongolotsi m'dothi ngati alipo. Madzi a manyowa dikirani nawo mpaka mbande itatulutsa masamba awiri atsopano. Chammwamba chibwere pambuyo pake.

Ngati mukuswa ziputu mu utuchi, ana omwe mukudula amakhala ndi mizu yochepa kwambiri, ndipo ena amafa sabata yoyamba. Apa za ndere za m'nyanja zili ndi ntchito, kuviikamo musanaike m'chubu. Zikasowa, mthunzi wabwino ndi chammwamba chosungunula bwino zikuthandizani.

Ngati mukubzala ana ozula pa tsinde, aja a masamba osongoka, dziwani kuti ali kale ndi chakudya m'chitsa chawo ndipo sasowa zambiri. Chofunika kwa iwo ndi kusenga mizu yonse ndi khungu la chitsa, kuviika m'madzi owira masekondi 30 kuti muphe nankafumbwe ndi tinyongolotsi, n'kubzala m'dzenje la manyowa okwanira. Akagwira, madzi a deliya ndiwo oyenera, ndipo za m'botolo zisiyeni.

Ngati muli ndi mbande zochepa za pakhomo mtauni ndipo malo ndi opanikizika, bokosi la nyongolotsi kuseri kwa nyumba likuposa mgolo wonunkha, ndipo likudyerani zinyalala za kukhitchini.

Ngati muli kotentha monga ku Chingale kapena cha ku Kachulu, chammwamba muli nacho chambiri ndipo mdani wanu ndi dzuwa. Poperani madzulo, phimbirani dothi, ndipo madzi a manyowa muwasungunule kuposa anzanu a kumtunda chifukwa machubu amauma msanga n'kusiya mchere.

Ngati muli m'munsi mwa phiri ndipo mwayamba nazale mu Juni kapena Julayi, mbande zikaima si njala. Nthochi imasiya kukula kuzizira kukafika pa madigiri 14 kutsika m'munsi. Musawonjezere chilichonse, chepetsani kuthirira, tchingani mphepo ndi pulasitiki, ndipo zolimbikitsazo muyambe kumapeto kwa Ogasiti.

Ngati ndinu gulu kapena kalabu yolera mbande zogulitsa, chammwamba chofinya pamanja chikutopetsani ndipo mphamvu yake izisinthasintha. Sonkheranani mugule za m'botolo ndi tibowa kuti mbande zonse zizituluka zofanana. Koma ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, yambani mwagula neti yotchingira nsabwe kuzungulira nazale yonse.